Nkhono ziwiri zimene banja lililonse la ku Lifuwu liyenera kuzidziwa

Munthu wokhala ku Lifuwu sangawathawe madzi. Mbali ina kuli nyanja, mbali ina kuli madambo ndi ngalande za sikimu ya mpunga, ndipo ntchito zambiri za pakhomo zimathera m'madzi omwewo: kuchapa, kutsuka mbale, kusambitsa ana, kuwokera mpunga, kukoka khoka. N'chifukwa chake langizo lakuti "musamalowe m'madzi" palibe angalitsate pagombe. Chothandiza n'kudziwa kuti madzi oopsa ndi ati, nthawi yoopsa ndi iti, ndipo ukalowamo uchite chiyani. Zonsezi zimayambira pa kuzindikira nkhono ziwiri zazing'ono zimene zimalera likodzo.

Nkhono za m'nyanja ya Malawi siziluma ndipo zilibe ululu. Zaululu ndi za m'nyanja zamchere, ndipo ndizitchule pang'ono chifukwa alipo achinyamata athu amene amapita kukafuna maganyu kapena kukachita geni ku Nacala ndi ku Pemba m'dziko la Mozambique. Kumeneko kuli nkhono za mtundu wa Conus, za zigoba zokongola zosongoka mbali imodzi, zimene zimabaya ndi kadzino kakuthwa kodzaza ululu. Zodziwika kwambiri ndi Conus geographus ndi Conus textile. Yoyambayo chigoba chake ndi chopyapyala ndi chopepuka, pakamwa potambalala, mtundu wake wofiirira wa mawanga oyera osalongosoka, ndipo imatalika mpaka masentimita 15. Imasaka nsomba usiku, choncho ululu wake umafoola thupi mofulumira, ndipo mwa anthu amene anafa atabayidwa ndi nkhono zamtunduwu, ambiri anaphedwa ndi imeneyi. Yachiwiriyo chigoba chake ndi cholemererapo, chosalala, chodzaza timawanga toyera ta nsonga zitatu. Imadya nkhono zinzake, koma nayonso si yoseweretsa. Mankhwala othetsa ululu wa nkhonozi kulibe. Mukaona chigoba chotere m'madzi kapena pamchenga wonyowa, musachitole, musachiike m'thumba. Wina akabayidwa, mangani bandeji mothina ndithu kuyambira pamalopo kukwera m'mwamba, chiwalocho asachigwedeze, mumunyamule kupita kuchipatala msanga. Akayamba kubanika mumupumire m'kamwa mpaka mukafike, chifukwa chimene chimapha ndi kufooka kwa minofu yopumira.

Zathu za kuno ndi zofatsa, koma anthu amene zawadwalitsa ndi ochuluka kutalitali. Bungwe la World Health Organization linanena kuti mu 2021 anthu oposa 250 miliyoni padziko lonse ankafunika mankhwala a likodzo, ambiri mwa iwo a mu Africa muno, ndipo maboma a m'mphepete mwa nyanja monga Salima ali m'gulu la madera kumene matendawa anakhazikika.

Mmene likodzo limayendera

Munthu wodwala likodzo amakhala ndi tinyongolotsi m'mitsempha ya magazi, totalika sentimita imodzi kapena awiri. Timakhala tiwiritiwiri, kakamuna ndi kakakazi, ndipo kakakaziko kamaikira mazira mazanamazana tsiku lililonse kwa zaka 3 mpaka 5, nthawi zina kuposerapo. Ena mwa mazirawo amatuluka ndi mkodzo kapena chimbudzi. Akagwera pouma amafa. Akagwera m'madzi opanda mchere amaswa, ndipo kachilombo kotulukamo kamakhala ndi maola ochepa chabe oti kapeze nkhono yoyenera. Kakaisowa kamafa. Kakaipeza kamalowa m'thupi mwake n'kuswana, ndipo pakatha milungu 4 mpaka 6 nkhono ija imayamba kulavula tizilombo tambirimbiri tsiku ndi tsiku, tosaoneka bwino ndi maso. Timeneti ndi timene timaboola khungu la munthu woima m'madzi, ngakhale khungu lopanda bala, m'mphindi zochepa. Palibe kuwawa, mwina kuyabwa pang'ono basi. Chakudza sichiyimba ng'oma.

Nkhono sibadwa ndi likodzo, imalitenga kwa ife. Ndipo munthu sangapatsire mnzake mwachindunji, kaya pogonana, kaya podyera mbale imodzi, kaya poponda mkodzo wa wodwala panjira. Pakati pa munthu ndi munthu payenera kukhala madzi ndi nkhono. Dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, anaziona nyongolotsizi koyamba ku Cairo mu 1851, koma panapita zaka zoposa 60 kuti Robert Leiper atsimikize mu 1915, ku Egypt komweko, kuti likodzo la kumeneko linali la mitundu iwiri ndipo mtundu uliwonse uli ndi nkhono yakeyake. Nkhono zimenezo ndi Bulinus ndi Biomphalaria, ndipo zonse ziwiri zilipo m'Malawi muno.

Kuzisiyanitsa ndi maso

Nkhono yamoyo musaitole ndi dzanja lopanda kanthu. Itungeni ndi sefa yakale kapena chipande, mwinanso valani jumbo kudzanja, n'kuiika pa phale. Zigoba zouma zimene mafunde amataya pamchenga ndi zosaopsa, ndipo ndi zimene mungaphunzitsire ana madzulo muli khale pakhonde.

Gwirani chigoba nsonga yake iloze kumwamba, pakamwa pake payang'ane kwa inu. Nkhono zambiri pakamwa pake pamakhala kudzanja lanu lamanja. Bulinus pakamwa pake pali kumanzere. Ndi yaing'ono, yofufuma, yotalika sentimita imodzi mpaka awiri, nsonga yake yaifupi, mtundu wake wotuwa kapena wofiirira, nthawi zambiri yakuda ndi matope. Biomphalaria ilibe nsonga n'komwe. Ndi yophwatalala, yopiringizika ngati kankhata, pakati pake polowa mkati mbali zonse ziwiri, ndipo m'lifupi mwake ndi sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka. Munthu akaiona kamodzi saiiwala. Zonse ziwiri zili ndi magazi ofiira, amene amaoneka mukaziphwanya ndi mwala.

Chizindikiro chachiwiri ndi chitseko. Nkhono zina zikabwerera m'chigoba zimadzitsekera ndi kachivindikiro kolimba. Bulinus ndi Biomphalaria zilibe kachivindikiroka, ndipo kuno ku Africa nkhono iliyonse yokhala nako sisunga likodzo. Mfundo imeneyi ndi yofunika chifukwa anthu ambiri amaopa nkhono zolakwika. Zikuluzikulu zija zotchedwa Lanistes, zimene zigoba zake zimadzaza pagombe mwera ukawomba, nazonso pakamwa pake pali kumanzere, koma ndi zazikulu, chigoba chake ndi chochindikala, ndipo zamoyo zili ndi chitseko. Zilibe mlandu. Chimodzimodzinso tinkhono titalititali tosongoka totchedwa Melanoides, timene timachuluka mumchenga. Ndaonapo makolo akukalipira mwana chifukwa chotola chigoba chachikulu chouma, kwinaku mng'ono wake wakhala pansi m'madzi a m'bango mmene muli tinkhono toopsa tenitenito.

Ilipo ina yopanda chitseko, ya chigoba chopyapyala, pakamwa pake kumanja, yotchedwa Lymnaea natalensis. Likodzo sisunga, koma imalera nyongolotsi zowononga chiwindi cha ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa, ndiye amene mumamwetsa ziweto kudambo muidziwe. Zilipo zinanso zing'onozing'ono zofanana ndi ziwiri zathuzi koma zosalakwa. Pakhomo musavutike kuzisiyanitsa. Kankhono kalikonse kopanda chitseko, kophwatalala kapena ka pakamwa kumanzere, mukatenge ngati koopsa. Zoona, pakati pa nkhono zambiri ndi zochepa zokha zimene zili ndi tizilombo, koma maso sangazisankhe, ndipo imodzi yokha ndi yokwanira kuipitsa malo onse ochapira.

Kumene iliyonse imakhala

Bulinus yofala kwambiri ndi Bulinus globosus. Imakonda madzi odekha okhala ndi zomera: m'bango, pansi pa masamba a kakombo, m'mizu ya namasupuni, m'ngalande zodzaza udzu, m'maiwe otsala mvula ikatha, ndiponso pamene mtsinje ukuthira m'nyanja. Mukaifuna, tembenuzani tsamba loyandama, kamtengo koola, jumbo kapena thumba lotayidwa m'madzi, mudzaipeza itamatirira kunsi. Madzi akaphwa imakwiririka m'matope n'kudikira miyezi ingapo mpaka mvula ibwerenso. Mafunde amphamvu siwafuna.

Chifukwa cha khalidwe limeneli, kwa zaka zambiri anthu ankakhulupirira kuti gombe la mchenga woyera ndi lotetezeka, ndipo alendo ankauzidwa kuti nyanja ya Malawi ilibe likodzo. Chikhulupirirocho chinagwa mu 1992, pamene anthu awiri a ku America ogwira ntchito mongodzipereka pansi pa Peace Corps anadwala likodzo lofika mu ubongo ndi mumsana atasambira ku Cape Maclear. Kafukufuku amene anatsatira mu 1993 anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse a anthu akunja okhala m'dziko muno amene anayezedwa anali ndi zizindikiro za likodzo m'magazi. Anthu a m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja anali atadwala kale kwa zaka, kungoti nkhani yawo sinkamveka. Pambuyo pake katswiri wa ku Denmark, Henry Madsen, pamodzi ndi anzake, anatsimikiza mu 2001 kuti palinso Bulinus ina, Bulinus nyassanus, imene imasunga likodzo. Iyi imapezeka m'nyanja ya Malawi mokha. Chigoba chake ndi cholimbirapo, ndipo sifuna bango kapena udzu, imakhala pamchenga weniweni, itakwiririka pang'ono. Choncho mchenga woyera ndi wabwinopo kusiyana ndi m'bango, koma si chitsimikizo, makamaka pagombe la mudzi wa anthu ambiri.

Biomphalaria ya kwathu ndi Biomphalaria pfeifferi. Kale inkadziwika m'timitsinje ndi m'madamu a kumtunda, chifukwa kutentha kwambiri ndi kuuma kwa madzi sipirira ngati mmene Bulinus imachitira. Koma mu 2017 ofufuza a ku Liverpool School of Tropical Medicine pamodzi ndi anzawo a kuno anaipeza m'mphepete mwa nyanja m'boma la Mangochi, ndipo atayeza ana a sukulu za kumeneko anapeza likodzo la m'matumbo, limene kale silinali lofala m'deralo. Madzi a ku Mangochi ndi a ku Salima ndi amodzi, ndipo namasupuni, maukonde ndi mabwato zimanyamula nkhono ndi mazira ake kuchoka pagombe lina kupita pa lina. Mukaona kankhono kophwatalala pamalo amene mumatunga madzi, kauzeni alangizi a zaumoyo a m'dera lanu. Nkhani yotere imathandiza achipatala kudziwa choti ayeze.

Matenda awiri osafanana

Likodzo lochokera mwa Bulinus limakhazikika m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo ndi ziwalo zoberekera. Chizindikiro chodziwika ndi magazi m'madontho otsiriza a mkodzo, kuwawa pokodza ndi kukodza pafupipafupi. M'midzi ina anyamata okodza magazi amachuluka mpaka akulu ena kumakuona ngati chizindikiro cha kukula. Si kukula ayi, ndi mazira a nyongolotsi akung'amba chikhodzodzo cha mwana. Zikalekereredwa zaka zambiri, njira za mkodzo zimatsekeka, impso zimawonongeka, ndipo ena amadwala khansa ya chikhodzodzo.

Pa amayi ndiimepo pang'ono, chifukwa iwo ndi amene amavutika mwakachetechete. Mazira aja amakhazikikanso kukhomo la chiberekero ndi m'njira ya amayi, n'kuyambitsa chikazi chosamva mankhwala, kuyabwa, kuwawa m'chinena, kutuluka magazi pambuyo pokhala malo amodzi ndi bambo, kuvutika kutenga pathupi, ngakhalenso mimba yomera kunja kwa chiberekero. Zizindikirozi zimafanana ndi za matenda opatsirana pogonana, ndiye mayi amalandira mankhwala a matenda amenewo kambirimbiri osachira, m'nyumba n'kubuka mikangano yolozana chala, pomwe gwero lake ndi madzi amene amachapiramo. Ngakhale mtsikana amene sanadziwepo mwamuna amatha kudwala chonchi. Tizilonda timene mazirawa amayambitsa timatsegulanso njira yoti kachilombo ka HIV kalowe mosavuta. Amayi, mukapita kuchipatala ndi vuto lotere, nenani poyera kuti mumachapa kunyanja kapena mumalima mpunga, ndipo funsani ngati silingakhale likodzo. Abambo nawonso sapulumuka. Kafukufuku wa Dr Sekeleghe Kayuni pakati pa asodzi a ku Mangochi anapeza mazira a likodzo mu umuna wa ena mwa iwo. Magazi mu umuna ndi kuwawa kumaliseche ndi zinthu zoti mukaonetse kuchipatala, osati kuzibisa.

Likodzo lochokera mwa Biomphalaria limapita m'matumbo ndi m'chiwindi. Mkodzo umakhala woyera bwinobwino, ndiye pakhomo amati mwanayu alibe likodzo. Koma m'mimba mumamupweteka, amatsegula m'mimba mwa apo ndi apo, nthawi zina chimbudzi chimatuluka ndi magazi, magazi amamuchepera, sakula bwino ndipo m'kalasi amangosinza. Pakapita zaka chiwindi chimauma, kapamba amatupa, mimba imadzaza madzi, ndipo mapeto ake ena amasanza magazi. Apa ndi pamene kudziwa nkhono ziwirizi kumapindulira: pamene pali kankhono kophwatalala, kuyera kwa mkodzo sikutanthauza kuti mwana ali bwino.

Mitundu yonse iwiri, mwa apo ndi apo, imatha kufika mumsana. Munthu wozolowera m'madzi akayamba kumva dzanzi kapena kufooka miyendo, kapena kulephera kukodza, amenewo ndi matenda a changu, pitani naye kuchipatala cha boma ku Salima tsiku lomwelo.

Zochita pakhomo

Yambani ndi madzi osamba. Ngati mjigo uli pafupi, madzi ake alibe likodzo, ndipo ndi amene muyenera kusambitsira ana ngakhale pamzere patatalika. Ngati mukudalira a m'nyanja, a m'ngalande kapena a padambo, dziwani kuti tizilombo totuluka mu nkhono sitikhala moyo kupitirira masiku awiri tikapanda kupeza munthu. Khalani ndi zidebe kapena mitsuko yosinthanitsa: madzi otunga lero mudzasambe mkuja. Pothira mumtsukomo asefeni ndi nsalu yoyera, chifukwa kankhono kamodzi kakalowamo kazingolavulabe tizilombo tatsopano, ndipo kudikira kwanu konse kupita pachabe. Mukafuna madzi a changu, awiritseni kwa mphindi imodzi n'kuwasiya azizire. Musawazizire ndi madzi aiwisi a kunyanja, ambiri amalakwitsa pamenepa. Njira ina ndi kuthiramo klorini kapena WaterGuard pa muyezo umene alangizi a zaumoyo anakuuzani, n'kudikira mphindi 30. Madzi akumwa ndiye osanena, awiritseni kapena athireni klorini nthawi zonse, popeza kolera amene anatisautsa mu 2022 ndi 2023 anadzera m'madzi omwewa.

Makanda amafunika chisamaliro choposa. Mwana amene sanayambe n'kuyenda komwe amatha kudwala likodzo chifukwa chosambitsidwa m'beseni la madzi ongotungidwa kumene, kapena chifukwa chokhazikidwa m'madzi osaya mayi ake akuchapa. Agogo ndi azakhali amene amatsala ndi ana muwafotokozerenso za mtsuko wa madzi ogona.

Pochapa ndi potsuka mbale, tungani madzi n'kukachapira kumtunda m'beseni, m'malo moima m'madzi ola lathunthu. Sopo amapha tizilombo tina m'besenimo, koma sateteza miyendo imene yaima m'nyanja. Potunga sankhani malo a mchenga oombedwa ndi mafunde, kutali ndi bango ndi namasupuni, ndipo musachedwemo. Tizilomboti timatuluka kwambiri dzuwa likakwera, kuyambira cha m'ma 10 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 3 koloko masana, nthawi yomwe ana amathamangira kukasambira akaweruka kusukulu. M'mamawa ngozi ya likodzo imachepa, ngakhale siitheratu. Komabe mbandakucha ndi chisisira ndi nthawi ya ng'ona ndi mvuu, ndiye dikirani kuyere bwino, pitani awiri kapena atatu, ndipo pewani malo a bango. Mukatuluka m'madzi dzipukuteni mwamphamvu ndi nsalu youma nthawi yomweyo. Zimathandiza pang'ono, koma musazidalire.

Ana simungawaletse kusambira m'mwezi wa Okutobala, ndipo amene amati angathe sanalerepo mwana kunyanja. Chimene mungathe ndi kuwaletsa maiwe, ngalande ndi zithaphwi, mmene madzi ndi ofunda, osayenda ndipo nkhono zaunjikana pamene madzi akuphwa. Mu 2024 nyanja inakwera kwambiri mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mphepete mwa Salima, Nkhotakota ndi Mangochi. Madzi otere akamabwerera amasiya maiwe pafupi ndi makomo, ena atasakanikirana ndi zimbudzi zogumuka. Amenewo ndi oopsa kuposa nyanja yeniyeniyo.

Mpunga ndiye chuma cha ku Lifuwu, kumene kulinso malo a boma ofufuzira za mbewuyi, ndipo palibe angauze mlimi kuti asiye kuwokera. Majombo amateteza, makamaka polambula ngalande ndi potsegula madzi, ngakhale m'matope akuya amavuta kuyenda nawo. Chachikulu ndi chisamaliro cha ngalande. Nkhono zimachuluka pamene madzi aima ndipo udzu wamera. Ngalande yolambulidwa bwino, imene madzi ake akuthamanga, imakhala ndi nkhono zochepa. Udzu umene mwazula musausiye m'mphepete kuti ubwererenso m'madzi, utayeni patali pouma, nkhono ndi mazira ake zifere padzuwa. Kuumitsa ngalande pakati pa nyengo ziwiri za ulimi kumachepetsa nkhono, koma Bulinus ina imapulumuka m'matope, ndiye ntchitoyi ndi ya chaka ndi chaka. Ndipo sikimu iliyonse iyenera kukhala ndi zimbudzi pafupi ndi minda. Munthu amene wafika kumunda m'mawa n'kudzaweruka madzulo adzadzithandiza penapake, ndipo ngati palibe chimbudzi adzapita kungalande.

Mkodzo ndi umene ambiri timaupeputsa. Anthu amene sangayerekeze kuchita chimbudzi m'madzi amakodzamo osaganizira kawiri, pomwe likodzo la Bulinus limayenda makamaka ndi mkodzo. Phunzitsani ana lamulo losavuta: kodza kaye kuchimbudzi kapena pamalo ouma patali ndi madzi, kenako kasambire. Mazira ogwera padothi louma saswa. Asodzi nawonso, musanakankhe bwato kapena mukangokocheza, kwerani kumtunda. Ndikudziwa kuti zimbudzi za pamchenga zimagumuka msanga, ndipo ambiri anagwa nazo mphwayi. Dzenje lozungulira, losatambalala, lomangira njerwa mkati limapirira kusiyana ndi la makona anayi losamangira. Alangizi a zaumoyo angakuonetseni kamangidwe kake ndi mtunda woyenera kuchokera kumadzi ndi kumjigo.

Pali mbali inanso imene ili m'manja mwa asodzi ndi makomiti a pagombe. M'nyanja yathu muli nsomba zodya nkhono, ndipo yodziwika kwambiri ndi Trematocranus placodon, ya mano amphamvu kukhosi ophwanyira zigoba. Katswiri wa ku America, Jay Stauffer, ndi Madsen uja anaona ku Cape Maclear kuti pamene nsombazi zinachepa m'madzi osaya chifukwa cha usodzi wopyola muyezo, Bulinus nyassanus inachuluka, likodzo nalonso n'kukwera pakati pa ana. Khoka la maso aang'ono ndi neti ya udzudzu yokokera m'mphepete zimasesa ana a nsomba zimenezi. Neti imene munalandira kusikelo ikakhala kunyanja, banja limaluza kawiri, malungo m'nyumba ndi likodzo pagombe. Chitsanzo chosunga nsomba tili nacho m'boma lathu lomwe lino, pachilumba cha Mbenji m'dera la Mfumu Makanjira, kumene usodzi umatsekedwa nyengo ya mvula chaka chilichonse kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo lamulolo limalemekezedwa.

Kuyezetsa ndi kumwa mankhwala

Ngakhale mutasamala bwanji, amene amagwira ntchito m'madzi adzakumana nalobe likodzo. N'chifukwa chake mankhwala ndi mbali ya chisamaliro cha pakhomo, osati chinthu chodikira kuti munthu agone kaye. Kuchipatala chaching'ono cha Lifuwu kapena chachikulu cha Salima fotokozani zizindikiro zonse ndi ntchito imene mumagwira. Mkodzo wokayezetsa umaonetsa bwino mazira ukatengedwa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, makamaka madontho otsiriza. Likodzo la m'matumbo kawirikawiri amaliyeza m'chimbudzi.

Mankhwala a mitundu yonse iwiri ndi amodzi, praziquantel. Muyezo wake ndi mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, ndipo piritsi limodzi ndi la mamiligalamu 600, kutanthauza kuti munthu wolemera makilogalamu 60 amamwa mapiritsi 4 nthawi imodzi. Kusukulu amagwiritsa ntchito ndodo yoyezera msinkhu m'malo mwa sikelo. Musagule piritsi limodzi kapena awiri pamsika n'kumati mwachira, muyezo wosakwana susiya nyongolotsi zitafa. Mankhwalawa ndi owawa ndipo safuna m'mimba mopanda kanthu: idyani nsima kapena phala lokwanira musanamwe. Ena amamva chizungulire, nseru kapena kupotokola m'mimba kwa maola angapo, makamaka amene ali ndi nyongolotsi zambiri, kenako zimatha. Mphekesera yakuti mankhwalawa amatseka kubereka ndi yabodza, chimene chimawononga njira zoberekera ndi likodzo losachizidwa. Malangizo a World Health Organization a mu 2022 amalola ana kuyambira zaka ziwiri, amayi oyamwitsa, ndi amayi oyembekezera amene apyola miyezi itatu yoyambirira kulandira nawo mankhwalawa. Amene amadwala khunyu kapena anakomokapo auze achipatala asanamwe.

Praziquantel amapha nyongolotsi zokhwima zokha, zanthete zimapulumuka. Ndiye achibale ochokera ku Lilongwe amene abwera kudzacheza pa Khirisimasi n'kusambira, kumwa mankhwala tsiku lobwerera kwawo sikuwathandiza. Adikire miyezi iwiri kapena itatu, pokhapokha atayamba kutentha thupi, kutsokomola kapena kutuluka zidzolo m'milungu yotsatira. Zikatero apite kuchipatala msanga n'kukanena kuti anasambira kunyanja, chifukwa malungo akapanda kupezeka m'magazi likodzo liyenera kuganiziridwa. Mankhwalawa satetezanso kutsogolo. Mukamwa lero n'kulowa m'ngalande mawa, mutha kutenganso, ndipo n'chifukwa chake Unduna wa Zaumoyo umawagawa mobwerezabwereza.

Vuto ndi lakuti kugawako kumafikira kwambiri ana amene ali m'kalasi tsikulo. Mnyamata amene wajomba kuti akathandize kukoka khoka, mtsikana amene watsala kulera mng'ono wake, msodzi amene wagona masana atachezera usipa, ndi mayi amene ali kusikimu, onsewa amaphonya, pomwe ndi iwo amene amakhalitsa m'madzi ndi kubwezeramo mazira. Tsiku limene alangizi a zaumoyo adzalengeze za mankhwala a likodzo, mwana aliyense wa pakhomo panu adye phala m'mawa n'kupita kukalandira, wa pasukulu ndi wosakhala pasukulu yemwe, ndipo inu abambo a kunyanja ndi amayi a kusikimu mukafunse anunso tsiku lomwelo.